Uyu Wagwa Apa Ali ndi Amake

Mlongo wanga anali wakuba. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti wina asadzandiuze kumsika kuti ndinabisa. Anaba, ndipo ambiri amene anawabera mu komboni yathu ya Nangongwe ndimawadziwa, ena ndimagulitsa nawo nsomba mpaka lero. Sindikufuna kumuyeretsa. Ndikufuna kusimba za masiku aja mtembo wake uli kumochale, ife tili pakhomo kudikira anthu, osadziwa ngati tidzapeza amuna onyamula bokosi ndi kukwirira manda. Koma kuti zimveke bwino ndiyenera kuyamba ndi ntchito ya atate.

Makolo athu anachokera ku Katete. Anabwera ku Kafue atate atapeza ntchito kufakitale ya nsalu, ndipo ine, mwana wamkazi, ndinabadwira konkuno, mlongo wanga wamwamunayo n'kundipondera pamutu. Fakitale itayamba kufooka n'kumachotsa anthu, anzawo a atate ena anabwerera kumudzi, ena anapita kumtsinje kukaphunzira ukonde atamera kale imvi. Atate anagula wailesi ya kanema yakale, makina a matepi ndi matabwa. Anakhoma chisakasa cha malata kumbali kwa nyumba, mabenchi mkati, chinsalu chakuda pakhomo, ndi sipika pamwamba pa denga yoitanira anthu. Khoma la chipinda changa ndi lomwe linali khoma la chisakasacho, choncho ndinakula ndikumva mfuti kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa.

Zisakasa za mafilimu zinalipo zingapo mu komboni. Ena ankaonetsa za karate, ena za nkhondo. Atate ankakonda za makauboyi ndi zigawenga: amuna a zipewa zazikulu okwera akavalo, mbala zothyola mabanki, ambanda olembedwa ganyu yopha anthu, dziko louma lopanda ngakhale mtengo umodzi wa mango. Chizungu cha m'mafilimuwo chinali chotafuna, cha m'mphuno, moti ngakhale aphunzitsi ankachimva mwa apo ndi apo. Ndiye atate ankakhala pampando pafupi ndi kanema, maikolofoni m'manja, kumasulira. Kunena zoona sankamasulira mawu. Chizungu chawo chinali cha kufakitale, chokwanira kulonjera kapitawo ndi kupempha tchuthi. Ankayang'ana nkhope za anthuwo n'kuwapatsa mawu a Chinyanja oyenera nkhopezo, moti kauboyi ankatha kufunsa mnzake ngati wadya nshima asanamuwombere. Anthu ankadzaza mabenchi chifukwa cha pakamwa pa atate.

Koma anali ndi khalidwe limodzi limene linkatopetsa aliyense, kuyambira ine. M'mafilimu amenewa anthu amafa ngati ntchentche. Pali ngwazi, imene anyamata ankaitcha sitalingi, yosafa ngakhale aiwombere motani. Ndiye pali anthu ena aja ongobwera kudzafa, opanda dzina, amene amasuzumira padenga la nyumba, mfuti n'kulira, iwo n'kugwa, nkhani n'kumapitirira ngati palibe chachitika. Atate sankalola zimenezo. Munthu akagwa ankadina batani, chithunzi n'kuima chikunjenjemera, iwo n'kuvula chipewa chawo.

"Uyu wagwa apa ali ndi amake," ankatero. "Amake ali kumudzi, akupalira chimanga, sakudziwa kanthu. Anachoka pakhomo akuti akukafuna ntchito, ntchito yake n'kukhala imeneyi. Nsapato wavalazi ndi za alamu ake. Ali mwana ankaopa agalu."

Akatero ankakhala chete pang'ono, kuvala chipewa, n'kudina batani. Akafa ambiri nthawi imodzi ankasankhapo awiri kapena atatu, enawo n'kuwapepesa kuti nthawi yachepa. Anyamata ankabuula, ena kumenya malata. Woyambitsa phokoso nthawi zonse anali mnyamata wina wamfupi wa mawu aakulu, mnzake wa mlongo wanga, amene ankakhala kumapeto kwa benchi yakutsogolo, pafupi ndi khomo.

"Pitirizani, bamudala," ankakuwa. "Ni kawalala uyo, wakuba chabe, msiyeni afe."

Atate ankamaliza kaye maliro awo.

Tsiku lina ndinawafunsa, nditatopa ndi kusekedwa kusukulu kuti ndine mwana wa m'busa wa makauboyi. Ndinali kale ndi pakamwa panga pomwe ndili napo lero.

"Atate, anthu amabwera kudzaona mfuti, osati kudzakhuza maliro."

"Kwathu ngakhale mfiti imaikidwa ndi anthu," anatero.

"Koma awa ndi azungu a pa tepi. Mawa adzafanso nthawi yomweyi."

"Ndiye mawa tidzawaliranso."

Ndinangotsonya n'kuchokapo. Ndinkaona ngati ndi misala ya munthu amene ntchito inamuthera.

Anthu ambiri amanena kuti mafilimu aja ndi amene anawononga mlongo wanga. Amayi nawonso ankatero akakwiya, kuloza chisakasa ndi mthiko. Ine ndimakana. Pa mabenchi omwewo panakhala anyamata amene lero ndi abusa, aphunzitsi, okonza mafiriji. Mnyamata wa mawu aakulu uja anakhala dalaivala wa minibasi ya ku Lusaka. Onsewa anaona mfuti zomwezo. N'zoona kuti mlongo wanga ankayenda motang'adza, kamtengo ka machesi pakamwa, kumayang'ana anthu mwam'mbali ngati ali ndi kavalo womudikira kuseri kwa msika. Koma dzanja lake linayamba lokha, ndipo sindidziwa kumene linachokera. Anayamba ndi nkhuku, kenaka zovala pachingwe, kenaka mafoni. Atate anamumenya, anamupempherera, tsiku lina anamugwira dzanja okha kupita naye kupolisi. Anabwerako kundende ataonda, ali chete, ndipo dzanja lija litakula.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti ankabera anthu a pafupi. Anaba mabulangete a mayi wina wa Chibemba amene mpanda wake umagundana ndi wathu, mayi amene anamubereka kumbuyo ali khanda. Anaba batire m'minibasi ya mnzake uja, ndipo mwini galimoto anamuchotsa ntchito dalaivalayo, n'kukhala miyezi yambiri akuitanira anthu pasiteshoni ali ndi mkazi ndi ana. Kuyambira pamenepo munthuyo akationa ankayang'ana kumbali, ndipo sindinamuimbe mlandu.

Nthawi imeneyo chisakasa chinali chitatsekedwa kale. Mafilimu analowa m'mafoni, aliyense n'kumaonera yekha m'manja mwake, womasulira osafunikanso. Mabenchi anaunjikidwa pakona, amayi n'kumasungiramo malasha.

Mlongo wanga anamugwira m'nyengo yotentha, m'mawa, kumadimba a ku Shimabala, atanyamula pampu yothirira ndiwo. Anthu sanadikire apolisi. Zimene anamuchita sindizilemba. Ndine ndinapita kumochale kukamuona, chifukwa sindinafune kuti amayi kapena atate aone, ndipo ndinamuzindikira ndi chipsera cha pachidendene chimene anachekedwa ndi botolo tili ana. Pobwerera ndinatsika pamsika kuti nditseke malo anga. Ndinaona azimayi ataunjikana pa foni imodzi, ndipo atandiona anaibisa msanga m'chitenge. Ndi pamene ndinadziwa kuti wina anajambula zonse, ndi kuti komboni yonse yaonera mlongo wanga akufa, ena kubwereza.

Tinachita monga amachitira aliyense. Tinatulutsa mipando ndi makabati panja, kuyala mphasa ndi masaka m'nyumba, kuika zikuni pabwalo. Maliro saitanira. Anthu amangomva kulira, kapena kuona katundu panja, n'kubwera okha, amuna kukhala pabwalo, akazi kulowa m'nyumba. Ndi mmene ndinaonera moyo wanga wonse, ndipo amayi anga sanaphonyepo maliro mu Nangongwe, ngakhale a munthu amene sankalankhulana naye.

Sikunabwere munthu. Amayi analira m'nyumba mpaka mawu anatha, ine ndili pambali pawo, tili awiri pamphasa zoyalira anthu ambiri. Odutsa mumsewu ankawolokera tsidya lina la ngalande. Abusa a kutchalitchi kwanga anafika ndi azimayi awiri, kupemphera ali chiimire, n'kunena kuti ali ndi msonkhano. Kuchokera ku Katete kunabwera amalume okha, okalamba, oyenda ndi ndodo. Ngakhale mayi wa Chibemba uja sanaoneke, pomwe Abemba ndi ambuya athu ife a kum'mawa, anzathu onyozana nawo mwamacheza. Pamaliro athu ndiwo amatiphikira, kutinyoza, kutipaka ufa kumutu kuti tiseke pang'ono, ndipo ifenso timatero pa awo. Chitseko chake chinali chotseka, koma ndinkamumva akutsuka mbale.

Ndinakwiya, ndipo ndinachita manyazi, zonse pamodzi. Ndinkafuna kuima pamsewu n'kuwawerengera maliro onse amene amayi anagona pansi chifukwa cha iwo. Koma ndinkadziwanso kuti aliyense wowoloka ngalandeyo anali ndi chake chimene chinasowa. Ukakwiyira munthu amene akunena zoona, mkwiyo umangokubwerera m'mimba.

Tsiku loti mawa ndi loika, masana, ndinatuluka kukalankhula ndi atate. Anali pabwalo ndi amalume, zikuni zikungofuka.

"Atate, mawa bokosi anyamula ndani? Inu ndi amalume? Tilembe ganyu anyamata a pasiteshoni, anyamule, akwirire, zithe."

"Mwana wanga sanyamulidwa ngati thumba la malasha."

"Nanga titani? Anthu atikana. Simukuona?"

Atate anadzuka n'kupita kukatsegula chisakasa. Anayamba kutulutsa mabenchi aja imodziimodzi, akuda ndi fumbi la malasha, kuwapukuta ndi chiguduli, n'kuwandanda pabwalo m'mizere monga ankakhalira mkati. Ndinaganiza kuti mutu wawasokonekera. Ndinawauza kuti akutichititsa manyazi, kuti mabenchi opanda anthu akungoonetsa dziko lonse umphawi wathu wa abale. Anandipempha kuti ndiwagwirire makwerero. Anakwera padenga, munthu wa zaka zawo, kukalumikiza mawaya a sipika imene ndinkaiyesa kuti inafa kalekale. Atatsika anakhala pampando wawo wakale kutsogolo kwa mabenchi, maikolofoni m'manja. Sipika inakhosomola, kulira ngati njuchi, kenaka mawu awo anamveka pamwamba pa malata a Nangongwe, mawu amene theka la amuna a mu komboni anakulira.

"Ndamva kuti kwabwera filimu yatsopano," anatero. "Ndamva kuti mwaionera nonse. Ine sindinaione ndipo sindidzaiona. Koma mwaionera yopanda womasulira, ndiye simukudziwa amene wagwa. Ndiloleni ndigwire ntchito yanga."

Anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Uyu wagwa apa anabadwa mvula ili pakati, chaka chimene madzi anadzaza madambo mpaka kufika pafupi ndi njanji. Anachedwa kulankhula, ndipo atayamba anali wachibwibwi, anzake ankamuseka. Ankaopa sitima. Tikafika panjanji ndinkamunyamula paphewa, iye atatseka maso. Ankakonda nkhoko za nshima kuposa nshimayo. Amake atadwala msana ndiye ankawatungira madzi, osatumidwa."

Ndinaima pakhomo la nyumba. Kumbuyo kwanga amayi anasiya kubuula, akumvetsera. Mumsewu ana anali ataima, ndipo kuseri kwa mpanda mbale zinasiya kulira.

"Anali wakuba," atate anapitiriza. "Sindikana, ndipo sindinabwere kudzakutsutsani. Anaba mabulangete a mayi amene anamubereka kumbuyo. Anaba batire ya mnzake amene ankakhala naye benchi imodzi, ana a mnzakeyo n'kugona ndi njala. Anaba nkhuku zanu, mafoni anu, pampu ya munthu amene amadyetsa ana ake ndi dimba. Ine ndinamulephera. Atabwerako kundende sankatha kugona pabedi, ankagona pansi pafupi ndi chitseko, ndipo sindinamufunse chifukwa chake. Iye ankadziyesa sitalingi. Sanali sitalingi. Anali mmodzi wa aja osuzumira padenga."

Anapuma.

"Uyu wagwa apa ali ndi amake. Amake sali kumudzi. Ali m'nyumba umu, pansi, okha."

Pamenepo mawu anawathera. Anatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Sipika inangokhala ikulira yokha pamwamba pa denga, ndipo ndinamva mpweya wawo ukutuluka m'menemo, komboni yonse ikuumva. Ndinafuna kuthamanga kukazimitsa, kuti anthu asamve atate anga akulira. Ndisanasunthe, wina analankhula pageti, osakweza mawu.

"Pitirizani, bamudala."

Anali dalaivala uja. Anali atavala yunifolomu ya ntchito, makiyi m'manja, ngati wangosiya galimoto pamsewu. Sanandiyang'ane. Analowa, kuvula kapusi yake, n'kukakhala kumapeto kwa benchi yakutsogolo. Benchiyo inali itamuchepera, mawondo ake anafika pafupi ndi chifuwa.

Atate anamuyang'ana, kenaka anapitiriza. Sindikumbukira zonse zimene ananena pambuyo pake, chifukwa ndinali ndikuyang'ana geti. Analowa wokonza mafiriji. Analowa wina amene tsopano ndi mphunzitsi, ndi wina wogulitsa nyama, amuna a mimba zawo ndi ndevu zawo, aliyense akupita pamalo pamene ankakhala ali mwana popanda womuuza. Wovala chipewa ankavula. Sanapereke moni, ndipo sanapepese. Anangokhala.

Mayi wa Chibemba anabwera dzuwa litapendeka, ufa uli m'manja. Anapita molunjika kwa atate n'kuwapaka kumutu konse, mpaka m'makutu.

"Imwe odya mbewa," anatero, "maliro yanu mpaka pa sipika? Simungalire monga anthu?"

Atate anamwetulira pang'ono, koyamba chichitikireni zija. Mayiyo analowa m'nyumba, kudzigwetsa pafupi ndi amayi, n'kuyamba kulira mokweza, kutchula mlongo wanga ndi dzina la ubwana limene ndi iye yekha ankamuitana nalo. Akazi ena atamva kulira kwake anayamba kulowa. Ndi pamene ine ndinalira, chifukwa mpaka nthawi imeneyo ndinali ndikungokwiya.

Sindinama kuti komboni yonse inabwera. Mabenchi akumbuyo anatsala opanda anthu, ndipo alipo ena amene mpaka lero amati tinalira galu. Mayi wa Chibemba uja sanaiwale mabulangete ake, amawatchulabe nyengo yozizira ikafika. Koma m'mawa mwake bokosi linanyamulidwa ndi amuna, dalaivala ali kutsogolo, ndipo kumanda analandirana mafosholo mpaka dothi linakwera. Nditapita kukamuthokoza, anandidula.

"Batire ija sininaiwale, basisi," anatero. "Koma bamudala anaimitsa filimu. Ungachite bwanji?"

Anthu atayamba kubwerera kumagalimoto, atate anatsala ataima pamanda, ufa ukadali m'tsitsi, chipewa chili m'manja. Ndinawadikira. Ndinkadziwa mmene zimathera, ndinazimva kuseri kwa khoma ubwana wanga wonse: amakhala chete pang'ono, amavala chipewa, n'kudina batani. Ndinaima pamenepo padzuwa kudikira kuti avale.

Anabwerera kunyumba chipewacho chili m'manja. Anachipachika pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo mpaka tsiku limene tinawaika iwonso, sindinachionenso pamutu pawo.